Munda wa aNangozo pa bolodi

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza pamaliro. Ndidali nditamaliza Fomu 4, ndikungothandiza amayi kupirikitsa mbalame m'munda wa mpunga kwathu kuchigwa. Pamaliro a azakhali, msuweni wanga wogulitsa kaunjika adandinong'oneza kuti sukulu ina yapulayiveti ku Tsangano ikufuna wophunzitsa Chingerezi Fomu 1. Za satifiketi ya uphunzitsi sadandifunse n'komwe. Ahedi adangoona kuti Chingerezi ndidakhoza bwino, n'kundipatsa bokosi la choko, chiguduli chofufutira bolodi ndi buku limodzi lopanda chikuto. Basi, ndasanduka Madamu.

Ku Tsangano kumazizira, abale inu. Ine mwana wa kotentha ndidafika kumalo koti nkhungu imalowa mpaka m'kalasi n'kunyowetsa choko. Anthu ake si oipa, koma mlendo amayamba amuyang'ana kaye, ndipo kuyang'anako sikutha msanga. Aphunzitsi anzanga onse adali azibambo a mabanja awo. Belu likalira aliyense pa njinga yake, ine n'kutsala ndi mulu wa makope. Kutchalitchi ankandipatsa moni bwinobwino, moniwo n'kuthera pomwepo. Ndinkasowa wocheza naye mpaka ndinkayankhula ndi wayilesi.

Munthu mmodzi yekha ndiye adanditsegulira khomo. Adali aNangozo, mayi wamasiye amene adandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo. Ankakhala ndi mdzukulu wawo Enelesi, yemwe adali m'kalasi langa. Loweruka ankanditenga kumunda kwawo kwa mbatatesi, m'mbali mwa msewu, kukandiphunzitsa kukwezera mizere. Ankandiseka kuti khasu ndimaligwira ngati ndikupondaponda matope a mpunga. Mundawo udali wobiriwira mochititsa kaso, ndipo ndiwo udali chakudya chawo, fizi ya Enelesi, zonse. Kusukulu ndidali Madamu, koma kumunda kuja ankanditchula kuti mwana wanga.

Teremu yachiwiri tidafika pa phunziro la e.g. Kwa amene simukudziwa, ndi tizilembo tiwiri tochokera ku Chilatini tomwe m'Chingerezi timaimira mawu oti "mwachitsanzo". Umayamba wanena chinthu chachikulu, monga mbewu kapena ziweto, n'kuika mpatuliro, kenaka tizilemboto, kalikonse ndi kadontho kake, ndiyeno n'kutchula zitsanzo ziwiri kapena zitatu. Sumatchula zonse, ndipo kumapeto suikanso etc. chifukwa e.g. wanena kale kuti zilipo zina. Ana anga ankasokoneza ndi i.e., yemwe ntchito yake ndi kumasulira chinthu chimodzi chomwecho. Ndidabwereza mpaka mawu kusasa, koma zitsanzo za m'buku lija zidali za zipatso zimene ngakhale ine sindidaziwonepo.

Tsiku lina ahedi adakhala kumbuyo kwa kalasi kundiwonerera. Titatuluka adati, "Madamu, zitsanzo zanu n'za ku Mangalande. Muzitchula zimene ana amaziponda popita kwawo."

Mawa lake ndidalowa m'kalasi ndi mphamvu. Ndidalemba pa bolodi m'Chingerezi kuti ngakhale mbewu zosamalidwa bwino zitha kuwonongeka ndi matenda, e.g. mbatatesi za aNangozo. Ndinkaganiza kuti ndikuwatamanda, poti munda wosamalidwa bwino ndi wawo. Kalasi lidangoti zii. Ine n'kumati eya, lero amva. Enelesi yekha sadakopere, adangoika cholembera pansi.

Pali mwambo wina, ndipo kwathunso ulipo. Munthu ukamafotokoza za bala kapena nthenda suloza pathupi pa mnzako, amati ukumuitanira. Ndinkaudziwa bwinobwino. Koma ndinkayesa kuti zolembedwa ndi choko, m'Chingerezi, pa phunziro la tizilembo tiwiri, mwambo suzifikira.

Posakhalitsa kudagwa mvumbi, nkhungu osachoka. Chiwawu chidalowa m'mbatatesi. Ndi nthenda yoti masamba amachita madontho akuda, kenaka kufota ngati awaotcha, munda n'kumanunkha chivundi. Minda yambiri idagwidwa, koma wa aNangozo, pokhala wa m'mbali mwa msewu, ndiwo aliyense adayamba kuuwona. Mankhwala opopera adawapeza mochedwa. Nkhani ya pa bolodi idali itafika kale pamjigo ndi kuchigayo. Loweruka lotsatira ndidavala chitenje changa n'kudikira pakhomo, koma aNangozo adanyamula khasu n'kundidutsa. Moni wanga ankayankha ndi mutu. Zidandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Tsiku lovuta lidafika Lolemba lina. Ndili pakati pophunzitsa adandiitana ku ofesi. Ndidapeza aNangozo atakhala pansi pafupi ndi chitseko, atakana mpando, ndipo alongo awo adakhala moyang'anizana ndi ahedi, chipewa chili pabondo. Ahedi adayesetsa. Adafotokoza kuti chiwawu chimadza ndi chinyezi, kuti minda ya kutsidya kwa malire nayonso yapsa, kuti iwo ndiwo adandiuza kutchula za pafupi. Alongo aja adavomera zonse mwaulemu, n'kunena kuti za chinyezi akuzidziwa, adabadwira momwemo, ndipo sadabwere kudzatchula munthu ufiti. Mlongo wawo ali ndi funso limodzi lokha.

ANangozo sadandiyang'ane. Adati, "Madamu, minda yonse ili ku Tsangano kuno, bwanji mudatchula wanga?"

Mawu oti Madamu aja ndiwo adandilasa. Ndidafuna kufotokoza za e.g., kuti chitsanzo ndi chimodzi mwa zambiri, koma ndidazisiya. Ndidangonena zoona.

"Amayi, ndi munda wokhawo umene ndikuudziwa. Palibe wina adanditengerapo kumunda kwake."

Ahedi adayamba kusuntha mabuku patebulo. ANangozo adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ine n'kuganiza kuti mwina zatha. Koma alongo aja adati pofuna kuti mitima ikhale pansi, ndi bwino Madamu apeze nyumba ina. Ntchito sidandithere. Chimene chidanditayika ndi khomo lija.

Ndidapeza kachipinda kuseri kwa golosale ina. Tsiku losamuka, ndikulimbana ndi mtolo wa matilesi ndi ziwiya, aNangozo adatuluka m'nyumba n'kunditwika okha. Adaukonza bwino pamutu panga kuti usapendekeke, kenaka adati motsitsa, "Mukadatchula mpunga wa kwanu, mwana wanga."

Chaka chija ndidachimaliza ndekhandekha. Enelesi adapitiriza sukulu, alongo aja ndiwo adamuthandiza, ndipo e.g. ankamulemba bwino kuposa onse. Kumunda kuja sindidapondeko.

Pambuyo pake ndidapita kukoleji, ndipo lero ndimaphunzitsa pafupi ndi pa Boma. Nthawi yoyamba imene phunzirolo lidabweranso, ndidakumbukira mawu a aNangozo. Ndidalemba chiganizo chomwe chija cha mbewu zowonongeka ndi matenda, n'kuika mpatuliro, e.g., ndipo ndidafuna kulemba mpunga wa amayi anga. Kudali kutatsala pang'ono kukolola. Choko chidaima pa bolodi, dzanja lidakana. Ana adadikira, wina mpaka adafunsa ngati Madamu aiwala sipelo. Ndidalemba chimanga, chopanda mwini, ndipo mpaka lero pambuyo pa e.g. sindiikapo dzina la munthu wamoyo.