Mutu wa amayi unalibe chipsera

Tinali ndi chipeso chofiira chothyoka mano atatu. Ndicho ndinkapesera amayi atabwerako ku chipatala ku Lusaka, dzinja lomwe ndinali mu giredi 5.

Anagwa akuchapa, atagwira mutu. Madokotala anati mitsempha ya mu ubongo inatupa malo atatu, ndipo pamodzi panaphulika. Mutu sanaung'ambe. Analowetsa kapaipi kang'ono m'mphechepeche, kanayenda mumtsempha mpaka kumutu, natseka malo awiri. Pachitatu anati adzatseka mvula ikatha, koma amayi asasenze kanthu, asalime.

Kwathu ku Nkomeshya zimenezo zinali zovuta kumva. Munthu wa opaleshoni timamudziwa ndi mpala ndi ulusi. Amayi anabwera ndi tsitsi lawo lonse, ndipo kachilonda kanali pamalo oti mkazi sangaonetse kuchipongozi. Udzu unali utamera thoo m'chimanga. Azakhali, alongo awo a atate, ankabwera m'mawa uliwonse matope ali m'miyendo, n'kuima pakhomo. “Ba mulamu, mukali gone? Manje opaleshoni ya bwanji yopanda chilonda?” Amayi ankangoyang'ana kukhoma. Atate, munthu wosakonda phokoso, ankanyamula khasu n'kuchoka.

Sindiwada azakhali. Anali otopa, minda iwiri inali pamsana pawo. Ngakhale ine ndinali nditatopa ndi kutunga madzi, kuphika ndi kujomba kusukulu.

Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. “Iwe umawapesa. Niuze, pali chipsera?” Madzulo ake ndinagawa tsitsi mzere ndi mzere, likununkha sopo wa kuchipatala. Amayi anatseka maso, amvekere, “Dzanja lako n'lofewa.” Sindinapeze kanthu, ndipo ndinakauza azakhali. Ndinanena monyadira, pamaso pa anthu pachitsime.

Pachitatu paja panaphulika chimanga chisanache. Amayi anapulumuka, koma dzanja lamanja ndi mawu sizinabwerere mpaka lero. Dokotala anati zikanatha kuchitika ngakhale ali gone pamphasa. Mawu amenewo ndawabwereza zaka zonsezi ndipo sandipumitsa.

Chifukwa m'mawa wotsatira zonena zanga zija, amayi anadzuka, namanga chitenje, natenga ndowa yaikulu. Nditawaona akubwera nayo pamutu, madzi akutayikira m'khosi, ndinathamanga kukauza azakhali, ndikudumphadumpha, kuti amayi achira.