Dzira la Azakhali

M'mawa uliwonse azakhali amakhala pakhonde n'kumawerenga tsitsi lotsalira m'chipeso. Chisiyireni kusamba, tsitsi likuthawa pamutu pomwe chiuno chikungokula. "Thupi langali lasokonezeka," amatero. "Likuchotsa kumwamba n'kumaonjezera pakati."

Anamwino anawalangiza kusiya shuga ndi zokazinga, n'kumadya masamba, nyemba ndi dzira limodzi patsiku. Amatsatira ngati lamulo, chifukwa ukwati wa mwana wawo wayandikira, zipi ya diresi ikukana, ndipo analumbira kuti sakavala wigi.

Sabata yatha dzira lawo lowiritsa linayamba kusowa m'mbale. Anakalipira mphaka masiku atatu. Tsiku lachinayi anapezerera amuna awo kuseri kwa chitseko akulisenda, dazi likung'anima.

"Bambo a ana, mukutani?"

"Si munati limathandiza tsitsi?" anayankha chapansipansi.

"Langa likuthothoka kumene, chopulumutsa chilipo. Lanu tinaliika m'manda mkwatibwiyu akuyamwa."

M'mawa mwake azakhali anawiritsa mazira awiri. Lawo anadya pomwepo, chiimirire. Linalo anapatsa amuna awo, pamodzi ndi chipeso.

"Mukatha kudya, muwerenge lanu," anatero.