Madzi Akuda a M'galaja

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wachisamba. Anandipeza kuseri kwa nyumba ku Girrawheen, mumzinda wa Perth, ndikuthirira mpiru, iye atabereka mwana, masiki ili pachibwano.

"Amayi, adokotala aimba foni. Akuti m'magazi mwa mwanayu muli mtovu."

Ine sukulu ndinalekeza kupulayimale, ndipo mtovu ndinkangoumva kutchalitchi akamawerenga mawu. Ndinamufunsa kuti chitsulo chingalowe bwanji m'thupi mwa mwana amene sanameze kanthu. Anati chimalowa ngati fumbi, mwana akamakwawa n'kumaika zala m'kamwa, ndipo chikachuluka chimaononga nzeru.

"Andifunsa ngati nyumba ino ili ndi penti yakalekale, ndati ayi. Kenaka andifunsa ngati pakhomo pano pali wogwira mfuti."

Atatero anangondiyang'ana. Tonse tinatembenukira kugalaja.

Ku Perth ndinabwera kudzaona kamdzukulu kangaka, kamtsikana, katangobadwa, ndikuti ndikhala miyezi yochepa. Korona itabuka malire anatsekedwa, ndege zinaima, ine n'kusanduka mlezi. Sindidandaula, Mulungu anandisunga bwino m'manja mwa ana angawa. Mpongozi ankasamalira okalamba ku Midland, mwana wanga ankakweza katundu ku Kewdale. Anzake a kuntchito ndiwo anamulowetsa m'kalabu yowombera chandamale. Zonse zinali za lamulo, laisensi anali nayo, mfuti inkakhala m'kabati yachitsulo yokhoma.

M'masiku amenewo zipolopolo zinasowa m'masitolo, ndiye anaphunzira kutola zigoba zake zamkuwa akawombera, n'kuzidzazanso yekha. Koma chigoba sachidzaza chili chakuda. Anagula mbale yamagetsi yonjenjemera yoyeretsera, n'kumathiramo zigoba ndi makoko a mtedza opera, zouma gwa. Akamasefa, kafumbi kankakwera n'kutera paliponse. Mwana ankakonda phokosolo. Ankakwawira kugalaja, bambo ake n'kumunyamula ndi manja omwewo, ife n'kumaseka kuti ameneyu adzakhala msilikali. Atayamba kukana phala ndi kuliralira, tinati ndi mano, mpaka anakamuyeza magazi kuchipatala.

Tsiku la foni ya adokotala lija, mwana wanga atangoweruka, mkazi wake sanamulole n'kuvula nsapato komwe.

"Bambo, musankhe. Mkuwa wanuwo kapena mwana."

"Inu udokotala mwauyamba liti? Mwina ndi dothi la kuno. Mwina ndi mapaipi a madzi."

"Udokotala sindinauyambe, koma maso ndili nawo. Taonetsani zikhadabozo!"

Sanazionetse. Anapisa manja m'thumba. Mpongozi analongedza zovala zake ndi za mwana, nandigwadira pakhomo. "Amayi, musandione mwano. Ndikakhale kaye kwa achemwali ku Midland." Ndinangomugwira paphewa.

Kwathu nkhani ya banja ndi ya ankhoswe. Mayi wa mwamuna akalowererapo amati akuikira mwana wake kumbuyo, akadzudzula amati akupasula banja. Koma ankhoswe anali ku Malawi. Tinawaimbira, mmodzi anali pamaliro, winayo mawu ankangodukaduka mpaka foni inazima. Choncho ndinakhala chete m'nyumba yopanda kulira kwa mwana, ndikuphika zakudya zimene palibe ankazidya. M'mawa uliwonse ndinkagwada pambali pa bedi laling'ono la mdzukulu wanga. Sindinkadziwa n'chopempha chomwe. Ndinkangoti, Ambuye, nzeru za mwanayu munamupatsa ndinu, zitchinjirizeni.

Mwana wanga ndi wamakani ngati malemu bambo ake. M'malo mopita ku Midland, anaimbira mzungu wina wachikulire wa kukalabu kwawo. Mkuluyo anamuuza kuti mbale ija aitaye, zigoba azizitsuka m'madzi, chifukwa madzi amagwira fumbi. Basi, Loweruka mwana wanga anazungulira m'misewu momwe anthu a kuno amatayira katundu wotopa naye pakapinga, nabwera ndi makina othamangirapo polimbitsa thupi. Anachotsamo mota. Anadula paipi ya pulasitiki yonenepa ngati ntchafu, mbali ina anamata, mbali ina anaika chivundikiro charabala chomanga ndi lamba wachitsulo. Anaigoneka pa timatayala tinayi kuti izigudubuzika. M'kati anamatamo timizere tarabala, akuti popanda timeneti zigoba zimangotsetsereka osatembenuka.

Ine ndinali chiimire pakhomo pa galaja, ndikumva zonse chifukwa analibe wina womuuza. Anati choyamba umachotsa kachitsulo ka kumatako kwa chigoba kamene kamayatsa onga, poti mtovu wambiri umachokera pamenepo. Ndiye anathira zigoba m'paipi, ndi tizitsulo tating'ono ngati mpunga tokwecha m'kati, madzi ofunda, kadontho ka sopo wotsukira mbale, ndi ufa wowawasa wa mandimu wongotsina ndi zala. Ukachulutsa ufawo, mkuwa umafiira. Anali atakonzanso maginito m'kathumba ka pulasitiki otolera tizitsulo tikamwazika, ndi sefa yakeyake, kuti asakhudze yanga ya kukhitchini.

"Muona, amayi. Fumbi latha basi. Amake mwanawa abwera okha."

Paipi inagudubuzika masana onse, ikulira ngati mvula pamalata. Ine ndinkangoyang'ana foni ngati mpongozi watumiza uthenga. Sanatumize.

Dzuwa litapendeka anazimitsa mota, navala magolovesi, natsegula chivundikiro. Zigoba zinatuluka zonyezimira ngati ndolo za mkwatibwi, mpaka m'kati mwake. Anandikwezera chimodzi akumwetulira. Kenaka anakhuthulira madzi aja m'ndowa yoyera. Anali akuda bii, ngati oyilo wotha wa galimoto, pansi pali zamatopematope. Ananyamula ndowayo kulunjika pakapinga, pambali pa mpiru wanga, pomwe mwana ankasewera ndi timakapu take.

Mwambo ndinauiwala. Ndinamugwira mkono ndi manja onse awiri.

"Mwana wanga, taima. Zakudazi lero zili m'ndowa. Nanga masiku onsewa zinkapita kuti?"

Anayang'ana m'ndowamo nthawi yaitali. Anaitula pansi pang'onopang'ono, nakhala pasitepe, magolovesi ali m'manja. Chikulireni sindinamuonepo akulira, ngakhale pamaliro a bambo ake. Tsiku limenelo analira, ine ndili pambali pake, ndowa ili patsogolo pathu.

M'mawa mwake anapakira zonse m'galimoto, paipi, mota, zigoba, ndowa yotsekedwa bwino, napita nazo kushedi ya mkulu uja kunja kwa tauni. Kumeneko madzi oterowo sataya pansi, amawasunga m'zigubu n'kukapereka kumene amalandira zinyalala zoopsa. Mpaka lero akapitako amasambira komweko, zovala zakenso zimatsala komweko. Nyumba tinaikolopa tonse awiri ndi nsanza zonyowa, nsanza iliyonse n'kuitaya. Tsache adokotala analetsa. Kapeti wa pakhomo la galaja tinamuchotsa, mpiru wanga ndinazula ndekha.

Mwana wanga atapita ku Midland, mpongozi sanamulowetse m'nyumba. Anangoti, "Manja." Iye anawatambasula. Patapita masiku mpongozi anabwera kwathu ndi kansalu koyera konyowa, napukuta pansi m'galaja, pamashelefu, ngakhale pamwamba pa chitseko. Anakayang'ana kansaluko padzuwa. Kenaka anapita kugalimoto kukatsitsa mwana.

Magazi a mwana anawayezanso kangapo. Mtovu ukutsika, ndipo ndikuthokoza Mulungu ndi adokotala amene anafunsa funso lija. Koma anatiuza mosabisa kuti zimene unasiya m'thupi zidzaoneka mwana akamakula. Anzake obadwa nawo pamodzi akulongolola kale, iye mawu ake ndi ochepa. Akati "agogo" ndimaima chilichonse chimene ndikuchita. Bambo ake akamamudyetsa phala ndimaona akumuyang'anitsitsa pakamwa, kudikira liwu lina.

Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada musatiiwale. Mutchule kamtsikanaka kuti lilime lake limasuke, mayi ake amene analimba mtima, ndi bambo ake amene sanadzikhululukirebe.