Khonde Lathu Litatitimira

Jeke ija, yokwezera galimoto, inali yofiira, yolemera, yonunkha girizi. Amalume anabwera nayo ataimangirira kumbuyo kwa njinga kuchokera ku esiteti ya nzimbe kumene ankagwira ntchito. Madzi a Shire anali atabwerera m'malo mwake, matope atauma n'kung'ambika ngati mapale. Khonde lathu lasimenti linali litatitimira mbali ya kukhomo, moti kukagwa mvula madzi ankalowa m'nyumba m'malo mothawira pabwalo. Mayi anapunthwapo kawiri atasenza ndowa, ndipo kachiwiriko anang'ambika bondo.

Wolakwa ndinkamudziwa. Kwa miyezi yambiri ndinkakumba kunsi kwa khondelo kutapa makande oumbira zidole, ndipo m'dzenje momwemo ndimo ndinkagoneka ana anga adongo. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Nditaona magazi pabondo la mayi, chakudya chinandikanika masiku awiri.

Amalume sankafuna ntchitoyo. “Mlongo, anzanu onse akusamukira kumtunda. Mtsinjewu ubweranso.” Mayi anangoti, “Kwezani, achimwene.”

Amalume anakumba m'mphepete, n'kulowetsa thabwa ndi jeke. Akapopa, simenti inkalira ngati munthu wokukuta mano, fumbi likuyoyoka m'ming'alu. Kunsiko kunatuluka fungo la chinyezi ndi achule. Atagwada n'kupisamo dzanja, anatulutsa ng'ombe yanga yadongo yoduka mutu. Ndinayamba kulira asanandifunse, n'kuulula zonse. Iwo anandigwadika pambali pawo kuti ndisuzumire. Munali phanga lofika mpaka kumaziko a nyumba. “Tizala takoti tingakumbe zonsezi? Awa ndi madzi, mwana iwe.” Lero ndimaganiza kuti dzenje langa ndilo linaonetsa madziwo njira, ndipo amalume anadziwa.

Masiku atatu ine ndi mayi tinatuta miyala ndi mchenga, amalume akutsindira ndi munsi wakale, thukuta likudontha pachibwano. Poyeza anagoneka botolo la madzi pasimenti n'kuyang'anitsitsa kathovu kake. Kenako anakhuthula ndowa yonse pakhomo, madzi n'kuthamangira pabwalo. “Takhuta,” anatero mayi pothokoza m'chiyankhulo chakwathu, mawu ali pansi.

Kuyambira pamenepo ankasesa khondelo kawiri pa tsiku. Dzuwa likapendeka ankayalapo mkeka n'kukhala chopenya kumsewu wochokera kumalire a ku Marka, manja ali pamwendo, osasenda kanthu, osaluka kanthu. Ine ndinkayesa akunyadira khonde loongoka, ndipo ndinkakhala nawo n'kumanyadira nanenso. Bambo anali atawoloka malire zaka ziwiri m'mbuyomo kukagula nsomba zouma, ndipo kwa ine anali munthu wochedwa chabe. Sindinkadziwa kuti mayi anakana kumtunda poopa kuti tsiku lobwera bambo adzapeza bwinja, n'kusowa ndi womufunsa yemwe.