Mikanda ya Abiti Saidi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi nyimbo, ana anga, ndi nyimbo. Ndinkagulitsa chinangwa pa msika wa Nsanama, khadi la chipani nditalimanga pa nsonga ya chitenje, ndikuyimba kuti ogula abwere. Abiti Saidi, mayi wotunga mikanda, anaima nkundigwira zala. "Zala zoonda izi zikungotha ndi chinangwa. Mawa ubwere kwathu." Ndinapita ine, ndikuvina njira yonse.

Zida zathu zinali singano yopyapyala, ulusi wopaka phula, ndi timbale tadothi, mtundu uliwonse kambale kake. Yofiira apa, yoyera apa, yakuda apo. Umanyowetsa chala, nkudompha mkanda, nkutunga motsata mzere umene mwini wasankha.

Tsiku lovuta linadza ndi mkwatibwi wa ku Chikweo. Azakhali ake anasiya mawu kuti mikanda ya m'chiuno adzaitenga dzuwa likapendeka, popeza ukwati unali mawa lake. Abiti anapita kumaliro, nandisiyira. "Ikapanda kutha, manyazi ndi anga, koma wochotsedwa ntchito ndiwe."

Ndangoyamba kumene, tambala wothamangitsa thadzi anadutsa pamphasa. Timbale tonse gubudu. Mikanda yasanduka chisakanizo, ngati mchenga wa mumtsinje wa Rivirivi.

Ine mwana wa pamtondo ndinati zosavuta. Ndinaikokolera m'lichero nkuyamba kupeta, poti gaga ndi mphale zimasiyana choncho. Ndipete, ndipete, mikanda ikungosakanikirabe. Kamodzi yofiira ingapo inakumana pakona, ine nthungululu. Kupetanso kamodzi, yabalalika.

Abiti anandipeza thukuta lili kamukamu. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Mwali, ukupeta chiyani?"

"Ndimati ipatukane yokha, amayi."

"Iyayi. Peta mpaka Kiyama, tsiku lachiweruzo. Iwiri itatu ikhoza kukumana mwamwayi, ngati anthu panjira. Koma kuti yonse ifole, ilowe mu ulusi, imange mfundo? Zinthu ukazisiya zimasakanikira, sizisanjika."

Kenaka analoza nkhanga yawo ikutola pabwalo. "Taona madontho awo. Amene anaidontheza uja sanapete."

Iwo Msilamu, ine wa Katolika, koma pamenepo tinagwirizana bwinobwino. Anayala nsalu yoyera, tinakhala maondo kugundana, iwo akusankha ndi nthenga ya nkhuku, ine ndikutunga. Ndinayimba ya kutchalitchi, iwo akuvomera ndi ya Chiyao. Azakhali aja pofika anapeza tikumanga mfundo yomaliza, ndipo anaiyeza m'chiuno mwawo momwe, akuseka.

Mdzukulu wanga wa kusekondale amati zonse za m'dziko lino zinangochitika zokha, pakapita nthawi yaitali zedi. Sindikangana naye, masamu ake sindiwadziwa, mwina ali ndi pake. Ndimangomugwira dzanja, nkuyang'ana timizere ta m'zala zake, kalikonse pamalo pake, nkuyamba kuyimba. Ine ndinatungapo, ndikaona chosanjika ndimafunsa kuti mwini wake ndani.