Maluwa ofiira amene Amake Taonga ankapempha

Ndinachoka ku Kabwata shopu ya mabuku akale imene ndinkagulitsamo pafupi ndi City Market itatsekedwa. Kunena zoona, katunduyo ndinkawerenga kuposa kugulitsa. Msuweni wanga anandipezera ntchito ku Joni, m'nkhalango yosungiramo nyama, yozula mitengo yachilendo imene imapha maluwa akutchire. Mkazi wanga, Amake Taonga, anangoti, "Yendani, atate ake Taonga. Mabuku sitidya."

Kumeneko mvula yoyamba ikagwa, dambo lonse linkaphuka. Pamalo opsa ndi moto pankatuluka maluwa ofiira, insa ndi mbidzi zikudya msipu pakati pake. Wolankhula naye Chinyanja panalibe. Ndinatola buku long'ambika la mayina a maluwa, n'kumaliloweza ngati katekisimu. Ine bambo wa ndevu zanga, kugona chafufumimba m'mame kujambula duwa ndi foni yosweka galasi, mbidzi zikundiyang'ana mwachisoni.

M'mawa uliwonse ndinkatumiza chithunzi kunyumba, ndalama pakutha pa mwezi. Za ndalama yankho linali "zafika". Za maluwa, zii. Ndiye tsiku lina Amake Taonga analemba kuti, "Tumizani ena ofiila aja." Ndinasekerera ndekha tsiku lonse. Ndinkayenda mtunda wautali kukawafuna, minga ikunding'amba miyendo.

Patatha zaka ziwiri ndinabwerera osauza munthu, nditanyamula mbewu za maluwa ofiirawo m'envelopu. Pabwalo, pomwe ndinkafuna kudzala, panaima minibasi. Pampando wanga panali bambo wonenepa, ba Mulenga, dalaivala wa mseu wa Woodlands, mwana wanga Taonga akuwathira madzi m'manja. Mwanayo anandiyang'ana ngati munthu wosochera geti.

Amake Taonga sanagwetse ngakhale supuni. "Mukanatuma foni," anatero.

Ba Mulenga anapukuta manja, n'kutulutsa foni yawo. "Shani, ba boss. Ndimwe mwenze kujambula aya?"

Anandionetsa maluwa anga onse, tsiku ndi tsiku, osaphonya limodzi. Pansi pa lililonse mkazi wanga anawalembera moni wa m'mawa, mawu amene ine sanandilemberepo.

"Muli na diso, mudala," anatero ba Mulenga. "Aya ofiila ndiye nenze kukonda maningi. Ndine nenze kupempha."

Ndinati zikomo. Kenako ndinanyamula chikwama changa n'kutuluka.

Tsopano ndimachita lendi kachipinda ku Chelstone. Envelopu ija ndinaiiwala pathebulo tsiku lomwelo. Ndamva kuti mbewu zinamera bwino, ndipo ba Mulenga amathirira okha.