Ndinakafika ku Lifuwu atayala kale masamba

Foni inalira chakum'mawa ndikudya chitumbuwa pakhomo la chipinda cha odwala mwadzidzidzi, pa Salima boma. Unali mwezi wanga woyamba pantchito nditamaliza maphunziro a chithandizo cha pangozi, ntchito yothamangira wodwala kumene wagwera m'malo momudikira mu wodi. Woimbayo anali mtsikana wa ku Lifuwu, dzina lake Esinati. Anati bambo ake, a Mbewe, agwa m'munda wa mpunga ndipo sakuyankha.

"Amadwala chiyani?" ndinamufunsa.

"Shuga. Abaya jekeseni m'mawa, koma phala sanadye, amathamangira mbalame kumunda."

Pamenepo ndinadziwiratu chimene ndikukalimbana nacho. Shuga akatsikitsitsa munthu amakomoka, ndipo mukachedwa sadzukanso. Tsoka ilo, ambulansi yathu inali itapita ku Chipoka kukatenga mayi woyembekezera. Ndinauza adalaivala pafoni kuti akatula anditsatire, ine n'kunyamula chikwama changa, ulendo pa kabaza wa njinga yamoto.

Wakabazayo anali bambo wonenepa bwino. Anatchula faifi sauzande, ndipo ine amene ndimanenerera ngakhale mulu wa tomato, tsiku limenelo ndinangokwera.

"Achemwali, mugwire lamba, osati m'nthiti. Ndimaseka msanga, tingagwe," anandichenjeza.

Pa tala wa ku Senga Bay tinauluka, kupatula pamene mbuzi zinaganiza zochitira msonkhano pakati pa msewu. Titakhotera mu msewu wa fumbi, mabampu anandikumbutsa chitumbuwa chonse chimene ndinadya. Dzuwa litayamba kuwawa tinalowa mu sikimu ya mpunga ya ku Lifuwu. Mpunga unali utacha, wachikasu mbali zonse, anthu akukoka zingwe za zitini ndi kukuwa poingitsa mbalame.

Tikuyandikira mudzi, bambo uja anazimitsa injini n'kuvula chipewa. Pamsewu panali patayalidwa masamba aawisi.

"Tachedwa, achemwali. Pali zovuta apa. Titsike, tizikankha."

Koma ndinakumbukira kuti amene anati munthuyo wamwalira sanamuyeze, angomuyang'ana.

"Kankhani inuyo, mundipeza," ndinatero, n'kuliyatsa liwiro, chikwama chikundimenya kumsana.

Pakhomo abambo anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango, m'nyumba amayi akulira. Esinati anali pakhonde, maso ali psuu. Ndisanalowe, anaimirira bambo wachikulire, mkulu wawo wa a Mbewe.

"Mwayesetsa, mayi, koma atisiya. Thupi lazizira, taitana mpaka kutopa. Musawavutenso."

Kukangana ndi mwini maliro pamaso pa anthu n'kudzitsekera khomo wekha. Ndinagwada pafumbi ndi yunifomu yanga yomweyo.

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Ndachokera kutali, ndiloleni ndingowaona nkhope."

Wopempha kuona nkhope sakanizidwa. Anandilozera khomo.

A Mbewe anali atawanyamula kuchokera kumunda n'kuwagoneka pamphasa, atawafunditsa chitenje mpaka kumutu. Nditavundukula ndinapeza khungu lozizira ndithu, koma lonyowa ndi thukuta. Wakufa satuluka thukuta. Ndinaika zala pakhosi n'kupempha amayi kuti ayambe atonthola. Ena anandiyang'ana ngati wamisala. Mtsempha unkagunda, chapansipansi koma unkagunda. Ndinawabaya pachala, kamakina kanga koyezera n'kuonetsa kuti shuga watsala pang'ono kutheratu.

"Esinati, bwera ugwire dzanja ili. Bambo ako ali moyo."

Mtsempha wa pamkono ndinaupeza kamodzi n'kamodzi. Kusukulu ndinkabaya zidole mpaka anzanga kumandinena kuti ndidzakwatiwa ndi chidole, koma tsiku limenelo phindu lake linaoneka. Ndinalowetsa madzi a shuga pang'onopang'ono, m'nyumba muli zii. Posakhalitsa zikope zinagwedera. A Mbewe anatsegula maso, nayang'ana denga, kenako khamu la amayi limene linawazungulira.

"Nonse muli muno, kumunda mwasiya ndani?" anafunsa ndi mawu osasa.

Akazi awo analira kuposa poyamba. Ine ndinaseka misozi ikutsika, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Ambulansi inafika chakumasana, a Mbewe atamwa kale phala lothira shuga. Ankakana kukwera, amvekere achira, koma ndinawauza mosapita m'mbali kuti jekeseni wa m'mawa uja akugwirabe ntchito m'thupi ndipo angagwenso. Anakwera akung'ung'udza za mbalame. Panjira tinkakumana ndi amayi atasenza nkhuni ndi ufa kupita kumaliro, ndipo Esinati ankatulutsa mutu pawindo kuwabweza.

Mkulu wawo uja anakhala pafupi nane, chipewa chili pamaondo. Titafika pa boma, a Mbewe atawalowetsa mu wodi, mkuluyo anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "adzukulu ndinali nditawalozera kale pokumba."

Anthu aja sanali oipa, m'bale wawo ankamukonda, kungoti panalibe wowauza pogwira. Kuyambira tsiku limenelo sinditenga mawu akuti "atisiya" kwa wina aliyense, kaya mfumu kaya m'busa, zala zanga zisanafike pakhosi pa munthuyo.